Akopolo ndi Makina Otayipira

Sukulu ya zamalonda imene ndinaphunzirako inali pa Migowi, kuseri kwa sitolo ya mwenye, m'chipinda chimene kale ankasungiramo matumba a nandolo. Fungo la nandolo silinachokemo. Anankafumbwe nawo anatsalira, moti nthawi zina unkapeza kamodzi kakuyenda pa pepala lako mosatekeseka. Zinali zaka zoyambirira za m'ma 1950, njala yaikulu ija itangodutsa, anthu atayambanso kuganizira za mawa.

Eni ake a sukuluyo anali bambo ena aafupi, adazi, amene anagwira ukalaliki ku Halale zaka zambiri. Matchona ena ankabwera ndi njinga kapena galamafoni, koma iwo anabwera ndi makina otayipira akuda, olemera ngati mwala wa mphero, ndi katoni ya mabuku. Tonse tinkangoti aphunzitsi. Ankatiphunzitsa kutayipa, kusunga mabuku a malonda, ndi kulemba makalata a Chingerezi a mu ofesi. Mayeso ake ankachokera kutali, ndipo ankakalembera ku Limbe.

Ine kwathu ndi kwa Mkhumba. Makolo anga anawoloka kuchokera kwa Apwitikizi akadali ana, ndipo pakhomo pathu tinkalankhula Chilomwe. Nditamaliza Sitandade sikisi ku mishoni ndinakhala chaka chathunthu ndikulima, mpaka amalume anabwera tsiku lina nanena kwa amayi kuti, "Mwanayu apite akaphunzire makina aja. Khasu silithawa, adzalipeza." Amayi anandimangira makaka ndi kalongonda m'kansalu, ndipo ndinanyamuka.

Popeza kwathu kunali kotalikira, aphunzitsi anandipatsa malo m'kanyumba kamaudzu kuseri kwa nyumba yawo. M'kanyumbamo ndinapezamo kale munthu. Anali bambo aatali, owonda, a zaka zopitirira makumi atatu, ochokera m'mudzi wina m'munsi mwa phiri la Michesi. Pa msomali panali chijasi cha usilikali. Anamenya nawo nkhondo yaikulu ija mpaka ku Burma, ndipo anabwerako ali ndi udindo wa kopolo, choncho aliyense ankawatchula kuti Akopolo. Ine ndinkati achimwene.

"Mphwanga, mphasa yako iyale uko," anatero tsiku loyambalo. "Kuno kumadontha."

Anali atasankha okha mbali yodontha ija, ndipo sanalole kuti tisinthane.

Ophunzira tinalipo ochepa, osadzaza ngakhale mabenchi atatu, koma makina anali amodzi. Ndiye aphunzitsi anapeza nzeru. Aliyense anali ndi thabwa lake, lojambulidwa timizere tozungulira ndi zilembo monga zinakhalira pa makina. M'mawa tikasesa, tinkakhala pa mabenchi, matabwa pamiyendo, maso titatsinzina, aphunzitsi nkumagogoda tebulo ndi rula kwinaku akutchula zilembo. Zala zathu zinkagunda thabwa ngati nkhuku zikujompha chimanga. Anthu opita kumsika ankaima pa windo kudabwa anyamata akuluakulu akusisita matabwa maso ali chitsinzinire. Mayi wina wogulitsa nthochi anafunsa ngati tinali mpingo watsopano.

Makina enieniwo tinkalandirizana. Riboni ikayamba kuuma, aphunzitsi ankaidonthezera mafuta a makina osokera nkuitembenuza. Pepala tinkalemba mbali zonse ziwiri, ndipo likadzaza linkapita kwa amayi a kunyumba kwa aphunzitsi kukakulungira mchere. Masana tinkaphunzira mabuku a malonda. "Cholowa kumanzere, chotuluka kumanja," aphunzitsi ankaimba choncho, ife nkumavomera ngati ana a sukulu ya mkaka. Lachisanu tinkaweruka dzuwa lisanafike pamutu kuti anzathu achisilamu akapemphere.

Mmodzi wa anzathu achisilamuwo anali mnyamata wa msinkhu wanga, mwana wa bambo ena ogula ndi kugulitsa mbewu pa Migowi pomwepo. Anali wanthabwala, woseka ndi thupi lonse, ndipo pa makina zala zake zinkathamanga kuposa za aliyense. Ine ndinkamutsatira pafupi, ndipo tinkapikisana ngakhale pa thabwa.

Akopolo pa mabuku anali katswiri. Anaphunzira kuwerenga ndi kulemba ku usilikali, ndipo mizere yawo inkawongoka ngati ya m'munda wa thonje. Pa thabwa napo zala zawo zinkapita pamalo pake. Vuto linali pa makina. Wina akakhalapo nkuyamba kutayipa, iwo ankasuntha kukakhala pafupi ndi chitseko, nsagwada atazilimbitsa, thukuta likutsika m'khosi ngakhale kukuzizira. Ikafika nthawi yawo, ankakhudza zilembo mwamantha moti pa pepala sipankaoneka kanthu.

"Menyani, bambo," aphunzitsi ankatero. "Makinawa saluma."

"Chabwino, aphunzitsi," iwo ankayankha, koma nkupitiriza momwemo.

Ife tinkaganiza kuti ndi ulemu chabe wa munthu woopa kuwononga chinthu cha eni. Za nkhondo sankakamba. Madzulo tikamaphika pa mafuwa athu ankakonda kukamba za mkazi wawo ndi ana awo awiri, ndi za mbuzi yawo ina imene inkatsegula yokha khola. Loweruka lililonse ankayenda pansi kupita kwawo, nkubwerako Lamulungu madzulo ndi chinangwa kapena mbatata, ndipo tinkadyera limodzi.

Mvula itayamba, aphunzitsi anaganiza zotiyesa liwiro. Anakabwereka makina ena kwa mwenye wa sitolo uja, nawaika pambali pa athu. Anasankha ine ndi mwana wa ogula mbewu uja kuti tiyambe. Linali tsiku lotentha, mitambo itadera bii cha ku Michesi. Aphunzitsi anatulutsa wotchi yawo ya m'thumba, nakweza rula.

"Yambani!"

Tinayamba. Makina awiri m'kachipinda kakang'ono, aliyense wa ife akumenya ndi mphamvu zake zonse, phokoso lake linali lina ndithu. Nthawi yomweyo matalala anayamba kugwa pa malata. Ine sindinkamva kanthu koma zala zanga, mpaka ndinangomva munthu akukuwa kumbuyo kwanga.

"Gonani pansi! Gonani!"

Dzanja linandigwira lamba nkundikokera pansi. Mpando unagwa. Ndinapezeka ndili pansi pa tebulo, tsaya lili pa dothi, Akopolo atandigonera pamsana, dzanja lawo litaphimba mutu wanga. Ankapuma ngati munthu wothamanga mtunda wautali, ndipo ankanong'oneza m'khutu mwanga mobwerezabwereza kuti, "Usadzuke, usadzuke."

Mnzanga uja anasiya kutayipa naphulika nako kuseka. Enanso awiri anaseka. Koma kusekako kunazima msanga, chifukwa aphunzitsi anali ataika wotchi pa tebulo nagwada pansi. Sanawakhudze Akopolo. Anangolankhula motsitsa mawu.

"Bambo, ndi matalala. Muli pa Migowi. Mnyamatayu ali bwino."

Pang'onopang'ono dzanja lija linamasuka. Akopolo anatuluka pansi pa tebulo, naimirira, nasasa fumbi m'mawondo. Anayang'ana aliyense wa ife, kenako anayang'ana pansi.

"Pepani, aphunzitsi," anatero. "Ndasokoneza sukulu."

Anatuluka mvula ikugwa. Nditafika ku kanyumba kathu ndinapeza pa msomali palibe chijasi, mphasa yawo itapindidwa bwinobwino nkuimikidwa pangodya.

Sabata imeneyo inatha osabwera. M'kalasi munali zii. Mnzanga wanthabwala uja anasiya nthabwala, ndipo tsiku lina pochokera ku mjigo anandifunsa kuti, "Kodi iwe, anakupweteka?"

"Ayi."

"Ine ndimayesa akuchita sewero," anatero, akukanda pansi ndi chala cha kuphazi. "Bambo anga atamva anandikalipira kwambiri. Akuti munthu saseka chilonda chimene sanachione."

Loweruka m'mawa aphunzitsi anandiitana. Ndinawapeza akukulunga makina athu m'chiguduli nkuwamangirira pa kaliyala ya njinga yobwereka.

"Ukudziwa mudzi wawo?"

"Anandilongosolera njira, aphunzitsi."

"Tiye. Iwe ukankha, ine ndigwirira kumbuyo."

Njinga ija sitinaikwere ngakhale pang'ono. Dothi lakwathu lamakande likanyowa limamatirira ku matayala mpaka gudumu kukana kuzungulira, ndiye tinkaima pafupipafupi kulikokota ndi kamtengo. Pa mtsinje wina tinavula nsapato, ine nkusenza makina pamutu, aphunzitsi nkunyamula njinga paphewa, buluku atapinda mpaka m'mawondo. Amayi ena amene ankachapa anatifunsa ngati tanyamula wailesi. Phiri linkayandikira, nkhungu itakuta pamwamba pake, ndipo tinkapatukira amayi otsika ndi mitolo ya nkhuni.

Tinafika dzuwa litakwera. Mkazi wa Akopolo ndiye anatilandira, mayi wamfupi wojintcha, manja ali ndi matope a kumunda. Anatiyalira mphasa pansi pa mtengo wa mango, nagwada chapatali kutilonjera m'Chilomwe. Aphunzitsi Chilomwe sankachidziwa bwino, koma anayankha mmene akanathera, ana awiri aja nkumaseka kuseri kwa nkhokwe. Akopolo anatuluka kuseri kwa nyumba ali ndi mpini wosasema bwino m'manja. Atationa anaima.

"Aphunzitsi, mwavutikiranji ndi matope onsewa?"

"Ndabwera ndi wodwala," aphunzitsi anatero, akumasula chiguduli. "Chinyezi chalowa m'makinawa. Zilembo zina zikukakamira. Ine maso anga sakuonanso tizitsulo ting'onoting'ono, ndipo anyamatawa ndikawapatsa andithyolera. Ndinamva kuti ku usilikali munkapukuta zitsulo tsiku ndi tsiku."

Zinali zoona kuti zilembo zina zinkakakamira, koma zinayamba kale mvula isanagwe, ndipo Akopolo ankadziwa zimenezo. Anayang'ana makinawo nthawi yaitali. Kenako anakhala pa mphasa, nauza mwana wawo wamkulu kuti abweretse nthenga ya nkhuku ndi kansalu. Aphunzitsi anatulutsa kabotolo ka mafuta ndi sikuludiraiva, nawasonyeza pomasula chivundikiro.

Akopolo anayamba ntchitoyo. Ankakweza kachitsulo kamodzikamodzi, kukapukuta, kukadonthezera mafuta ndi nthenga, nkukasiya kuti kagwe. Kalikonse kakagwa kankalira kuti tha, ndipo iwo ankamvetsera. Ali mkati mwa ntchitoyo anayamba kulankhula, maso ali pa makina.

"Kunkhalango kuja ku Burma mvula inkagwa ngati ya tsiku lija. Tinali pa mzere, tikuwoloka kadambo. Mfuti ija yolira mosalekeza inayamba kutsogolo kwathu. Ndinakuwa kuti tigone. Onse anagona, kupatula mnyamata wina wa ku Chiradzulu amene anali pafupi nane. Anatembenuka kuti amve chimene ndanena." Anapukuta kachitsulo kena. "Anali wamng'ono ngati mphwangayu. Dzanja langa silinamufikire."

Nkhuku inadutsa pa mphasa, mwana nkuipirikitsa.

"Ndiye mwaona, aphunzitsi," anapitiriza, "ukalaliki si wanga. Ofesi iliyonse ili ndi makina. Ndingolima."

Mkazi wawo anali atabwera ndi mbale ya chinangwa chophika ndi nandolo. Anaiika pansi, koma sanabwerere kukhitchini. Anakhala m'mphepete mwa mphasa nalankhula m'Chichewa chake chokokera ku Chilomwe, kuti aphunzitsi amve.

"Abambo, ine ndinalima ndekha zaka zonse za nkhondo. Chaka chino chokha sichindipha. Masiku onsewa mwakhala pano mukusema mpini umodzi womwewo, ndipo suoneka kutha. Madzulo mumagogoda zala pa bondo, mukuganiza kuti sindikuona. Bwererani. Mukakagwanso pansi pa tebulo mukadzukanso. Ndani sanagwepo?"

Akopolo anaseka pang'ono, koyamba tsiku limenelo. Anabwezera chivundikiro, naika pepala limene aphunzitsi anawapatsa, natayipa mzere umodzi pang'onopang'ono, koma molimba. Ana aja anathamangira kudzaona zilembo zikutuluka. Wamng'onoyo anafuna kudziwa ngati m'katimo muli munthu.

Lamulungu madzulo Akopolo anabwera ku kanyumba kathu, napachika chijasi pa msomali, nandifunsa ngati ndasunga moto.

Kuyambira pamenepo zinthu zina zinasintha pasukulu, ngakhale aphunzitsi sanalengeze lamulo lililonse. Pansi pa makina anayalapo bulangete lopinda kuti phokoso lichepe. Kunja kukacha bwino, nthawi ya Akopolo ikakwana, tinkanyamula tebulo kupita nalo pansi pa mtengo wa mkuyu, kumene kulira kwa makina kunkamwazika ndi mphepo. Kupukuta makina Loweruka m'mawa inakhala ntchito yawo. Ndipo mnzanga wanthabwala uja anayambitsa mwambo wake. Tsiku loyamba limene anakhala pa makina Akopolo atabwerera, anatembenuka nati, "Akopolo, ndikuyamba." Iwo anagwedeza mutu. Tonse tinatengera pomwepo. Munthu sankamenya chilembo asananene mawu amenewo, ndipo Akopolo anasiya kukhala pa chitseko.

Liwiro lawo silinafike pa lathu, koma pepala lawo linkatuluka loyera, lopanda chofufuta. Mnzanga uja ankawathandiza Chingerezi cha makalata, iwo nkumamuthandiza mabuku, pakuti iye kumanzere ndi kumanja kunkamusokonekera. Mwezi wa Ramadani utatha mnzangayo anatiitana tonse kwawo, ndipo kumeneko ndinadya koyamba mpunga wophikira nyama ya mbuzi ndi zokometsera zimene amayi anga sankazidziwa. Bambo ake anakhazika Akopolo pa mpando wa ndalema, iwo eni nkukhala pa mkeka.

Nthawi ya mayeso inafika m'chilimwe. Tinakwera lole ya bambo a mnzangayo imene inkapita ku Limbe ndi matumba a mbewu. Tinakhala pamwamba pa matumba, aphunzitsi kutsogolo ndi dalaivala, ndipo tinafika tili mbuu ndi fumbi. Ine tauni ndinali ndisanaionepo. Tinagona kwa mbale wa aphunzitsi, m'mawa nkusamba, kuvala malaya athu oyera, nkupita kumalo a mayeso.

Chinali chipinda chachikulu cha simenti, matebulo ali m'mizere, tebulo lililonse lili ndi makina ake. Nditaona kuchuluka kwa makinawo ndinayang'ana Akopolo. Iwonso anali ataona.

"Achimwene," ndinanong'ona.

"Yang'ana pepala lako, mphwanga," anatero.

Anawakhazika kumbuyo kwanga. Mzungu wamkazi amene ankayang'anira mayeso anagawa mapepala, nayang'ana wotchi, nalamula kuti tiyambe. Chipinda chonse chinalira nthawi imodzi. Pakati pa phokoso lonselo ndinkatha kumva makina a kumbuyo kwanga, akugunda pang'onopang'ono monga mwa nthawi zonse. Anagunda kwa kanthawi ndithu. Kenako analeka. Ndinamva mpando ukusunthidwa, ndipo ndinawaona akudutsa pambali panga, msana uli chilili, manja ali m'mbali. Atafika kutsogolo anaweramitsa mutu kwa mzungu uja, natsegula chitseko, nachitseka bwinobwino.

Ndinamaliza pepala langa, ngakhale sindikumbuka zimene ndinatayipa. Titatuluka tinawapeza atakhala pa masitepe pamodzi ndi aphunzitsi, malaya atanyowa ndi thukuta. Mnzanga uja anakhala pansi pambali pawo.

"Ndinafika pakati pa tsamba," Akopolo anatiuza. "Kenako ndinamva kuti zikubwera. Ndinati ndituluke ndi miyendo yanga."

"Mwachita bwino, bambo," aphunzitsi anatero. "Masana kuli pepala la mabuku. Kumeneko kulibe makina."

"Ndilemba."

Ndipo analemba. Anatuluka m'chipindamo pomalizira penipeni, zala zili ndi inki.

Mayeso atatha Akopolo anatitenga ine ndi mnzanga uja kukationetsa sitima, chifukwa ndinali nditawauza kuti sindinaionepo. Tinaima pafupi ndi njanji mpaka inafika, ikufuka utsi, ndipo anatilongosolera mmene anakwerera pomwepo popita kunkhondo, amayi akulira m'mbali mwa njanji, iwo akuimba chifukwa chosadziwa kumene akupita. Pobwerera analowa m'sitolo ina nakhalitsa akusankha nsalu ya mkazi wawo. Anatifunsa maganizo, ife nkuloza yofiira, iwo nkugula yamaluwa achikasu.

Zotsatira zinabwera mvula itayambanso. Ine ndi mnzanga uja tinakhoza kutayipa. Iye mabuku analephera, ndipo anaseka yekha ndi thupi lonse. Akopolo kutayipa analephera, monga tonse tinkadziwira, koma mabuku anakhoza bwino kuposa tonsefe. Aphunzitsi anawerenga zotsatirazo ataimirira, pepala atalifikitsa pafupi ndi mphuno.

Ine ndinapeza ntchito ya ukalaliki ku esiteti ina ya tiyi ku Mulanje, ndipo ndinakhalako mpaka imvi. Mnzanga uja analowa m'malonda a bambo ake. Bambo akewo ndi amene anawalemba ntchito Akopolo yosunga mabuku pa sikelo yawo ya mbewu, pakhonde, pamene chida chinali cholembera ndi botolo la inki basi. Patapita zaka Akopolo anatsegula kagolosale kawo pa njira yopita kuphiri, mkazi wawo nkumagulitsa mandasi pakhomo pake. Sukulu yathu inatsekedwa maso a aphunzitsi atafooka kwambiri, ndipo chipinda chija chinabwerera kukhala mosungira matumba.

Pa ukwati wanga, kwa Mkhumba, Akopolo anabwera wapansi ndi banja lawo lonse, atanyamula tambala. Anakhala ndi akuluakulu, nandilangiza pamodzi ndi amalume ngati mbale weniweni. Chakumadzulo anthu a m'mudzi anatulutsa ng'oma za tchopa. Mkazi wa Akopolo ndiye anayamba kulowa m'bwalo, nawakodola ndi dzanja. Iwo anakana kawiri, kenako anavula nsapato, nazipereka kwa mwana wawo kuti asunge, nalowa. Ankavina moipa kwambiri, miyendo yaitali ija ikuponda paliponse, ndipo amayi anga anaseka mpaka kugwira nthiti.